Momwe maofesala a zausodzi anapezera mphamvu zokwera ndi kugwira sitima za asodzi

Kwa zaka zambirimbiri, lamulo la panyanja zikuluzikulu linali lakuti sitima imaweruzidwa ndi dziko limene mbendera yake ikupepezeka pamwamba pake. Mayiko ambiri a m'mbali mwa nyanja ankalamulira mamailosi 3 okha kuchokera pagombe, ndipo kupitirira pamenepo, ofesala wokwera sitima ya dziko lina ankaonedwa ngati wachitira chipongwe dzikolo. Mphamvu zimene maofesala a zausodzi ali nazo lero, zoimitsa sitima, kuona chilolezo, kuyeza maso a ukonde ndi kuilondolera kudoko, zinabwera pang'onopang'ono, ndipo kawirikawiri zinkabwera mkangano utavuta.

Chiyambi chake chikuoneka m'pangano la 1882 limene Britain, Germany, France, Belgium, Denmark ndi Netherlands anasainirana ku The Hague, mzinda wa ku Netherlands, pofuna kuthetsa ndewu za asodzi a ku North Sea, omwe ankadulirana ndi kukolerana maukonde. Panganolo linalola sitima zolondera kuti zizifufuza maboti a mayiko onsewo, koma wolakwa ankaperekedwa kudoko la kwawo kuti akamuweruze anthu akwawo. Ofesala anali ndi mphamvu yoona ndi kulemba, osati yolanga.

Dziko limene linakankha malirewo mwamphamvu ndi Iceland, lomwe chuma chake chinkadalira nsomba za mtundu wa cod. Mu 1958 linalengeza mamailosi 12, mu 1972 linafika pa 50, ndipo mu 1975 linati 200. Britain inakana, nitumiza sitima zankhondo kuti ziziperekeza asodzi ake. Popeza kukwera sitima yotetezedwa chotero kunali kovuta, alonda a Iceland anapanga chida chachitsulo chimene ankachikoka m'madzi kumbuyo kwa sitima yawo, n'kudutsa nacho mopingasa kumbuyo kwa sitima yosodza mpaka chitadula zingwe zokokera ukonde, ukondewo n'kumira pamodzi ndi nsomba zake. Sitima zinagundana kambirimbiri, ndipo mu 1976 Britain inavomera malire a mamailosi 200.

Zimene Iceland inalimbira zinalowa m'pangano la United Nations la malamulo a panyanja, lomwe linasainidwa ku Montego Bay, m'dziko la Jamaica, mu 1982 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1994. Gawo 73 la panganolo ndilo msana wa nkhani yonseyi. Limalola dziko kukwera, kufufuza, kugwira ndi kuzenga mlandu sitima yosodza m'dera lake la mamailosi 200, koma pomwepo limamanganso manja a wogwirayo: sitima ndi antchito ake ayenera kumasulidwa mwamsanga akapereka chikole choyenera, dziko la mbendera liyenera kudziwitsidwa, ndipo chilango sichingakhale ndende pokhapokha mayiko awiriwo atagwirizana, komanso sichingakhale chomenya thupi. Ambiri amakumbukira mbali yoyamba yokha, pamene milandu yambiri yabadwira pa mbali yachiwiriyi.

Mawu akuti chikole choyenera ndi amene akhala akuvutitsa oweruza a khoti la malamulo a panyanja la ku Hamburg. Mu 2002 Australia inagwira sitima ya mbendera ya Russia yotchedwa Volga pafupi ndi zilumba zake za Heard ndi McDonald, ndipo inafuna chikole choposa madola a ku Australia 3.3 miliyoni, kuphatikizapo lonjezo lakuti sitimayo iikidwe makina oonetsa kumene ili nthawi zonse. Khotilo linatsitsa chikolecho kufika pa madola 1.92 miliyoni ndipo linakana kuti zofuna zina zosakhudza ndalama zikhale mbali ya chikole. M'maganizo mwanga, chigamulochi chinakomera kwambiri eni sitima, pakuti kwa kampani yopha nsomba zodula, chikole chimangosanduka gawo la ndalama zoyendetsera bizinesi. Khoti lomweli, pa mlandu wa sitima ya Saiga imene Guinea inagwira mu 1997, linatsindika kuti mfuti ndi chinthu chomaliza, chobwera pambuyo pa zizindikiro zoimitsa ndi machenjezo, ndipo linapeza kuti Guinea inapyola muyezo.

Panatsala funso la nsomba zimene sizidziwa malire. Mu Marichi 1995, zitadutsa zaka pafupifupi 3 Canada itatseka usodzi wa cod chifukwa nsombazo zinali zitatha, maofesala ake anagwira sitima ya ku Spain yotchedwa Estai kunja pang'ono kwa mamailosi 200, ataombera zipolopolo kutsogolo kwake, n'kupita nayo kudoko la St. John's ku Canada. Antchito a sitimayo anali atadula ukonde wawo, koma a Canada anauvuula pansi pa nyanja, ndipo nduna ya zausodzi, Brian Tobin, inakauonetsa kwa atolankhani ku New York kuti aone kuchepa kwa maso ake. Spain inakadandaula ku khoti la United Nations la ku The Hague, lomwe mu 1998 linati lilibe mphamvu zozenga mlanduwo. Chaka chomwecho cha 1995 mayiko anavomereza pangano latsopano lolola maofesala kukwera sitima za mayiko osainira ngakhale pakati pa nyanja, bola aonetse ziphaso zawo kwa woyendetsa sitima, asiye kope ya lipoti lawo, ndi kupatsa dziko la mbendera mpata woyamba wofufuza mlanduwo.

Kuthamangitsa sitima panyanja kumadya ndalama zambiri. Mu 2003 alonda a Australia analondola sitima ya Viarsa 1 kwa masiku 21, koma antchito ake anadzapezeka osalakwa kukhoti. N'chifukwa chake pangano la 2009 la FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2016, linasamutsira ntchito yaikulu kudoko, kumene ofesala angathe kukaniza sitima yokayikitsa kulowa, kutsitsa nsomba kapena kumwetsa mafuta.