Viniga amangowaula masamba, mizu saifika

Funso ili landitopetsa. Pafupifupi sabata iliyonse wina amanditumizira kavidiyo pa WhatsApp, munthu akupopera viniga pa kaudzu komera m'ming'alu ya simenti, mawa lake kauma, ndiye "alangizi, zoona izi?"

Viniga wa m'shopu uja asidi wake ndi 5 pelesenti basi, kwinako ndi madzi. Amawaula tsamba lomwe walikhudza, kumizu safikako. Chisoso kapena bonongwe wongomera kumene, wa timasamba tiwiri, dzuwa likuswa mtengo, afa ndithu, koma ameneyotu mukanangomuzula ndi zala. Nanga kapinga? Dawe? Dawe ali ndi timibulu pansi pa nthaka, muwaule lero, pakatha sabata ziwiri waphukanso ngati mumamuthirira. Ndipo viniga sasankha, kamphepo kakangowomba wagwera pa mpiru ndi tomato wanu yemwe.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi mchere. Mavidiyo aja amati sakanizani viniga, mchere ndi sopo wotsukira mbale. Mayi ena amene ndinkawayendera anachita zimenezi pa mabedi atatu a kudimba, anathira ndi kheni yothirira ija, mchere wosayeza nkomwe, akuti udzu ufe msanga poti msana unkawavuta kupalira. Nditafika ndinapeza dothi layera mbuu pamwamba, mbande za repu zomwe anawokera zafota zonse. Anandifunsa kuti "bambo, pali mankhwala obwezera?" ine kukamwa yasaa. Viniga amatha yekha m'nthaka masiku ochepa, mchere ayi, umakhala pompo mpaka madzi ambiri autsuke, ndipo pa dothi lamakande umachedwa kwambiri. Nyengo imeneyo sanakololepo kanthu pamenepo, koma dawe anamera bwinobwino.

Ena mwayamba kufunafuna viniga "wamphamvu" wa 20 pelesenti. Ameneyo amawotcha khungu, akalowa m'maso mutha kuchita khungu, si wa pa chipisi ayi. Komanso chonde, mavenda ogulitsa mankhwala a udzu m'mabotolo a zakumwa opanda lebulo aja asiyeni, simudziwa chomwe athiramo, ndipo mwana akaliona botolo lija amayesa chakumwa.

Pa bedi la ndiwo palirani udzu ukadali waung'ono usanachite maluwa, kenako phimbirani ndi udzu wouma wopanda njere kapena mapesi. Dawe yekhayo mufukule ndi khasu, timibulu tija mutole mukataye kutali ndi dimba.