Chifukwa chake injini zamakono sizimwa mafuta ngati zakale

Anthu akabwera kugalaja amakonda kufunsa kuti bwanji ka Demio kapena ka Vitz kamafika kutali ndi malita ochepa pomwe galimoto za kabureta zija zinkamwa ngati thanki yabooka. Nkhani yonse yagona pa kutentha. Mafuta akayaka mu injini, mphamvu yambiri siifika kumatayala ayi, imathawira ku ekizozi ndi ku radiator, moti Toyota itanena kuti injini ya Prius ya 2015 yafika pogwiritsa ntchito 40 peresenti ya mphamvu ya mafuta inali nkhani yaikulu kwa amakaniko, koma apo ndiye kuti yoposa theka ikutayikabe.

Choyamba opanga galimoto anachotsa kabureta, kachipangizo kamene kankasakaniza petulo ndi mpweya. Pano kompyuta ndi imene imayeza, imawerenga mpweya umene ukulowa, imamva kwa oxygen sensor, kachipangizo koyeza utsi ku ekizozi, ngati mafuta achuluka, kenako imauza ma injector, timipopi tothira petulo mu injini, athire zokwanira basi, magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo, ndipo imakonza zimenezi mosalekeza inu mukungoyendetsa osadziwa kanthu.

Zilembo za VVT-i mumaziona pamwamba pa injini ya Toyota zija sizokongoletsa. Kale mavalavu, tizitseko tolowetsa mpweya ndi kutulutsa utsi mu injini, ankatseguka nthawi imodzimodzi kaya muli pa mzere wa magalimoto kaya mukukwera chitunda, pano nthawiyo imasuntha malinga ndi ntchito yomwe injini ikugwira. Pa Prius ndi Aqua, galimoto za Toyota zoyendera petulo ndi magetsi, anapita nazo patali, valavu yolowetsa mpweya imachedwa dala kutseka, ndiye pisitoni imafinya pang'ono koma kukankha kwake kumakhala kwakutali, ndi imene amaitcha Atkinson. Mphamvu imachepako, mota ya magetsi n'kuthandizira. Mazda inatenga njira ina, mu 2011 Demio ya Skyactiv inabwera ndi compression ya 14 kwa 1, kutanthauza kuti pisitoni imafinya mpweya mpaka utsale m'gawo limodzi mwa magawo 14 a malo ake, mafuta akuthiridwa mu silinda momwemo kuti muzizireko injini isamagogode.

Tsono chomwe chimandiwawa ine ndi chakuti zonsezi timaziononga tokha. Galimoto ikangotentha kamodzi wina amati chotsani thermostat kuno n'kotentha kale. Thermostat ndi kavalavu kotsekera madzi kuti asapite ku radiator injini isanafunde, ndiye mukakachotsa injini imachedwa kufunda, sensa imauza kompyuta kuti kukadali kozizira, kompyutayo imangothirabe mafuta ambiri, ukamasula mapulagi umawapeza akuda bii ndi mwaye. Oyilo nayenso, pachivundikiro alemba 0W-20, amene ndi wopepuka, koma munthu akuthiramo 20W-50 wolemera ati ndiye wolimba, chonsecho VVT-i imayendera oyilo yemweyo kudzera mu timabowo ting'onoting'ono, akakhala wolemera m'mawa amachedwa kufika ndipo injini imavutika kudzizunguza yokha.

Ndiye galimoto yanu ikayamba kumwa, musathamangire kunena kuti injini yatha. Onetsetsani kuti thermostat ilimo, oyilo ndi amene analembedwa, fyuluta ya mpweya siyodzadza fumbi, ndipo ka getsi ka check engine kakayaka pitani akaike pa makina aone sensa yomwe yafa, osamata tepi pa dashboard.