Lilime likasiya kumva kukoma musathamangire kulipala

Ndatopa nazo zomva anthu akunena kuti chakudya chikasiya kukoma mkamwa ndiye kuti lilime lada, lifunika kupalidwa, kapena lafa basi. Ayi ndithu. Maselo omva kukoma sakhalitsa, ambiri amangokhala masiku 10 mpaka 14 kenako amafa, ena nkulowa m'malo mwake, moyo wanu wonse zimayenda choncho. Amakhala m'timagulu ta maselo 50 mpaka 100 tobisika mkati mwa tinsungu ta palilime tija, ndiye mukamapala ndi supuni mpaka magazi palibe chimene mukukonza, mukungodzivulaza.

Kuti atsopanowo azibadwa pamafunika uthenga womwe maselo amatumizirana osalekeza. Umodzi mwa mauthenga ofunika kwambiri ndi puloteni yotchedwa Sonic hedgehog, imachokera ku maselo a pansi pa kaguluko komanso ku mitsempha yolumikiza lilime ndi ubongo. Uthengawu ukaduka akale amafa ngati nthawi zonse koma wolowa m'malo palibe.

Apa mpamene pamandipweteka. Pali mankhwala a khansa ya pakhungu ya basal cell carcinoma, vismodegib amene anavomerezedwa mu 2012 ndi sonidegib mu 2015, omwe amatseka njira ya Hedgehog yomweyi chifukwa khansayo imakulira momwemo. Potseka ya khansa amatsekanso ya palilime, ndipo odwala oposa theka omwa vismodegib kukoma kumawasokonekera. Ku University of Michigan anayesa mankhwala otere pa mbewa, timagulu tija tinazimiririka koma mitsempha inatsala, lilime limamvabe kukhudzidwa ndi kuzizira, ndipo atasiya kuzipatsa mankhwala kukoma kunabwerera.

Bambo wina amene ndinkamuthandiza kuchipatala anali ndi chotupa cha khansayi pafupi ndi diso ndipo mankhwalawa ankagwira bwino, chinali chikuphwa. Kukoma kutatha anayamba kuonda, thalauza mpaka kumanga ndi chingwe, koma sanatiuze kanthu, anangosiya mankhwala mwakachetechete nkugula timadzi ta m'botolo kwa munthu wina wa pa intaneti amene ankati amatsuka lilime. Kukoma kunabwereradi, wogulitsa uja nkutenga ulemu, chonsecho kunabwerera chifukwa mapilitsi anasiyidwa. Atabweranso patapita miyezi chotupa chinali chitafika pachikope. Mpaka pano zimandivutabe, chifukwa akanangonena tikanakambirana zopumitsa mankhwala kwa kanthawi tikumuyang'anira, komanso zakadyedwe kuti asaonde.

Chonde, kukoma kukasintha muli pa mankhwala a khansa, kapena mukuwotchedwa ndi makina cha kumutu ndi pakhosi, uzani dokotala wanu sabata yomweyo, musadikire mpaka muonde. Wina akakuuzani kuti ali ndi chopaka chomeretsa maselo a palilime muthaweni. Ndipo ngati palilimepo pali chilonda chomwe chadutsa masabata 3 osapola, imeneyo ndi nkhani ina, pitani akakuyezeni msanga.