Cracovia, timu yomwe inabadwa dziko lake kulibe

Pa 1 Januwale chaka chilichonse, 12 koloko masana ikangokwana, osewera a Cracovia amalowa m'bwalo lawo mumzinda wa Kraków ku Poland. Kunja kumakhala chisanu cholowa m'mafupa, ndipo anthu ambiri amakhala akadali m'mabulangete ndi matsire a dzulo lake. Koma timu yaikulu imasewera ndi timu yake yachiwiri, masapota akuchemerera ngati pali chikho. Palibe chikho, palibe mapointi. Mwambowu unayamba m'ma 1920, ndipo ine ndimauona ngati njira youzira mzinda wonse, makamaka aneba awo a timu ya Wisła, kuti tikadalipo.

Cracovia imawerengera kubadwa kwake pa 13 Juni 1906. Nthawi imeneyo pa mapu panalibe dziko lotchedwa Poland. Russia, Prussia ndi Austria anali atagawana dzikolo ngati nyama ya pa msika, ndipo pofika mu 1795 silinatsale ngakhale fupa. Mzinda wa Kraków unagwera m'manja mwa Austria, amene dzanja lake linali lopepukirapo: anthu ankaloledwa kuphunzira m'chilankhulo chawo ndi kuyambitsa mabungwe awo. Mpata umenewu ndi umene dokotala wina, Henryk Jordan, anagwiritsa ntchito mu 1889 potsegula paki yoti ana azisewereramo. Mpira wamiyendo unamera m'pakimo, kenaka unasefukira ku Błonia, dambo lalikulu la m'mbali mwake momwe kale ankadyetseramo ng'ombe. Anyamata ochokera ku mzinda wa Lwów atabwera kudzasewera mu Juni 1906, ana asukulu a ku Kraków anaona kuti nawonso akufunika matimu enieni. M'chaka chomwecho munabadwa Cracovia, ya malaya a mizere yofiira ndi yoyera, ndiponso Wisła, ya nyenyezi yoyera pachifuwa.

Mpaka lero mabwalo a matimu awiriwa ali moyang'anizana, pakati pawo pali dambo lomwe lija. Munthu amayenda wapansi mphindi zochepa chabe. Anakumana koyamba pa 20 Seputembala 1908 ndipo analepherana 1-1. Masewero awo amatchedwa Święta Wojna, kutanthauza nkhondo yopatulika. Chosangalatsa n'chakuti dzinali silinali lawo. Linkanena za mkangano wa matimu awiri a Ayuda a mumzindamo, Makkabi ndi Jutrzenka, ndipo amati amene analisamutsa ndi Ludwik Gintel, wotchinga kumbuyo wa Cracovia yemwe anachokera ku Jutrzenka.

Poland itabwerera pa mapu mu 1918, Cracovia inali kale itakhwima chifukwa chomenyana ndi matimu a ku Vienna ndi Budapest. Mu 1921 inakhala katswiri woyamba wa dziko latsopanolo. Pa 18 Disembala chaka chomwecho timu ya dziko inasewera masewero ake oyamba ku Budapest, n'kugonja 1-0 kwa Hungary, ndipo ambiri mwa osewera tsikulo anali a Cracovia. Dolo wawo anali Józef Kałuża, womwetsa zigoli amene pambuyo pake anatsogolera timu ya dziko ku World Cup ya 1938, komwe Brazil inawaposa movutikira 6-5. Msewu womwe pali bwalo la Cracovia umadziwika ndi dzina lake. Ukatswiri unabweranso mu 1930, 1932 ndi 1937.

Kenaka nkhondo. Asilikali a Germany atalanda dzikolo mu 1939 analetsa anthu a ku Poland kuchita masewero, choncho mpira unkaseweredwa mobisa. Cracovia inali timu yolandira aliyense, Mkatolika ngakhale Myuda, ndipo chifukwa cha ichi maliro ake anachuluka. Leon Sperling, wothamanga kuphiko lakumanzere amene anatenga nawo ukatswiri katatu, anawomberedwa ku Lwów mu 1941. Mpaka pano masapota ena a matimu opikisana nawo amaponyera a Cracovia mawu oti "Ayuda" ngati chipongwe, zomwe n'zochititsa manyazi ukakumbukira kuti msasa wa Auschwitz, komwe Ayuda ambirimbiri anaphedwa pa nkhondoyo, suli kutali ndi Kraków.

Mu 1948 Cracovia inatenga ukatswiri kachisanu, itagonjetsa Wisła yomweyo pamasewero opatula. Palibe amene ankadziwa kuti kamenako n'komaliza. Boma la chikomyunizimu linagawa matimu kwa mabungwe ake: Wisła inapita m'manja mwa apolisi, komwe kunali ndalama ndi mphamvu, pomwe Cracovia inasiyidwa kwa mabungwe osauka, dzina lake n'kusinthidwa kukhala Ogniwo kwa zaka zingapo. Kuyambira m'ma 1950 inangokhala yokwera n'kutsika, mpaka kukasowera m'maligi aang'ono, aneba kutsidya kwa dambo akutolera zikho. Chidani chinakulira pamenepo, ndipo m'zaka za m'ma 1990 chinafika poipa: magulu a achinyamata a mbali zonse ziwiri anayamba kusakana ndi mipeni ndi zikwanje m'makwalala, anthu n'kufa.

Amene anaidzutsa ndi Janusz Filipiak, mwini kampani ya zamakompyuta ya Comarch pa nthawiyo, yemwe anathiramo ndalama mpaka timu inabwerera m'ligi yaikulu mu 2004. Bwalo latsopano linatsegulidwa mu 2010 pamalo pomwe panali lakale la mu 1912. Chikho chinachedwabe: mu 2020 ndi pomwe anatenga chikho cha dziko atagonjetsa Lechia Gdańsk 3-2 m'nthawi yowonjezera, patapita zaka 72 chitengereni ukatswiri.

Sapota wawo wodziwika kwambiri sanachione chikhocho. Karol Wojtyła, amene ali mnyamata ankakonda kukhala pagolo kwawo ku Wadowice, anali bishopu wamkulu wa Kraków asanakhale Papa Yohane Paulo Wachiwiri, ndipo mtima wake unali ku mizere yofiira ndi yoyera. Mu Januwale 2005, kutatsala miyezi itatu kuti amwalire, analandira timu yonse ku Vatican. Nambala 1 anaisungira iyeyo, moti goloboyi wa Cracovia amavala nambala ina iliyonse kupatula imeneyo.