Mtima ukathamanga inu muli chikhalire

Munthu wamkulu akakhala pansi osagwira ntchito, mtima wake umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi imodzi, ndipo saumva n'komwe. Tsiku limene wayamba kumveka, di di di m'chifuwa, mwina mpaka m'khosi ndi m'makutu, munthu ali pampando kapena pabedi, mantha amabwera nthawi yomweyo. Odwala amene timawalandira ndi vutoli muno mu Lusaka amafika atauzidwa kale chimodzi mwa zinthu ziwiri. Ena achibale anawauza kuti ndi BP. Ena anauzidwa kuti ndi maganizo chabe, angoleka kuganiza kwambiri. Mayankho onse awiriwa amaperekedwa munthu asanapimidwe, ndipo onse amatha kusocheretsa.

Za BP tithane nazo msanga. BP yokwera nthawi zambiri ilibe chizindikiro chilichonse, n'chifukwa chake imapha anthu mwakachetechete. Munthu akhoza kukhala ndi BP yabwinobwino mtima ukuthamanga ka 170, wina n'kukhala ndi BP yoopsa mtima ukugunda ka 70. Makina opimira BP amene ali m'mafamase ndi m'makomo mwa anthu ambiri amaonetsa manambala atatu. Awiri oyamba ndiwo BP. Yachitatu, imene ambiri saiyang'ana, ndiyo kugunda kwa mtima, ndipo pa nkhani yathuyi ndiyo yofunika.

Nkhawa imathamangitsadi mtima, ndipo si zongopeka. Ubongo ukaona ngati pali choopsa, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline tokonzekeretsa munthu kuthawa kapena kumenyana. Mtima umafulumira, thukuta limatuluka, m'kamwa mumauma, manja amanjenjemera. Ubongo susiyanitsa galu wolusa ndi ngongole ya kaloba imene tsiku lake lakwana. Ndiye bambo amene masana onse anali wolimba pantchito amadzidzimuka 2 koloko usiku, mtima uli m'mwamba, chifuwa chathina, akuona ngati akufa. Amayamba kupuma mofulumira, ndipo kupuma koteroko kumachotsa mpweya wa carbon dioxide wambiri m'magazi. Zala ndi milomo zimachita dzanzi, mutu umazungulira, nthawi zina zala zimapindika n'kuuma. Iye akaona dzanzilo amati basi ndi sitiroko, mantha n'kuwonjezeka, mtima n'kuthamangiratu. Mantha adzidzidzi oterewa amafika pachimake mkati mwa mphindi 10, kenako amatsika pang'onopang'ono, n'kumusiya munthu ali wofooka. Paokha sapha, koma amene anawamvapo amadziwa kuti si masewera.

Vuto ndi lakuti pali matenda ena a mtima weniweniwo amene amafanana kwambiri ndi zimenezi. Mtima uli ndi magetsi akeake amene amaulamula kugunda. Mwa anthu ena muli kanjira kowonjezera kamene anabadwa nako, ndipo magetsi aja akalowa m'kanjirako amangozungulira, mtima n'kugunda ka 150 mpaka kupitirira 200 pa mphindi. Kuchipatala timati SVT. Imagwira ngakhale achinyamata amphamvu, ndipo mtima ukathamanga chotero aliyense amachita mantha. Akafika kuchipatala zitatha kale, ECG, imene ndi muyezo wojambula magetsi a mtima, imatuluka yabwino, n'kuuzidwa kuti ndi nkhawa. Anthu ena, makamaka amayi, amakhala zaka akuuzidwa zimenezi pamene vuto lawo ndi lochizika.

N'chifukwa chake funso limene ndimalimbikira kwambiri ndi lakuti: unayamba bwanji, nanga unasiya bwanji? Mayi wina amayankha kuti, "Adokotala, ndinangowerama kuti nditole ndowa, basi unayamba. Sindimaganiza kalikonse. Patapita nthawi unangoti zii, ndipo ndinapita kukataya madzi kangapo." Mawu amenewo amandiuza zambiri kuposa pepala lililonse. SVT imayamba ndi kusiya ngati munthu wayatsa n'kuzimitsa getsi, ndipo mantha amabwera pambuyo pa kuthamangako. Mtima wa nkhawa umakwera pang'onopang'ono, umatsikanso pang'onopang'ono, kawirikawiri supitirira 140 munthu ali chikhalire, ndipo mantha ndiwo amatsogola. Sikuti zimasiyana bwino chonchi nthawi zonse, koma ndi poyambira pabwino.

Tsono chinthu chachikulu chimene ndikukupemphani ndi ichi: ukayamba, werengani. Ikani zala ziwiri, cholozera ndi chapakati, padzanja m'munsi mwa chala chachikulu, pamene mtsempha ukugunda. Yang'anani wotchi ya pafoni, werengani kwa masekondi 30, muchulukitse kawiri. Ngati manja akunjenjemera, wina wapanyumba akuwerengereni, kapena gwiritsani ntchito makina a BP aja. Mvetseraninso ngati ukugunda mwadongosolo kapena mosokonekera, apa msanga apa mochedwa. Lembani nthawi imene unayamba, nthawi imene unasiya, chimene mumachita, ndi chimene munadya kapena kumwa tsikulo. Kapepala kameneko ndi kamtengo wapatali, chifukwa ife timakuonani zitatha, pamene inu munalipo zikuchitika. Ndipo ngati muli pafupi ndi chipatala chimene chili ndi makina a ECG, pitani mtima ukadali kuthamanga. Musadikire kuti uyambe wakhazikika. ECG yojambulidwa pa nthawi yeniyeniyo imathetsa mkangano wonse.

Kugunda kosokonekera kuli pawiri. Kumva ngati mtima wadumpha kamodzi kenako n'kugunda mwamphamvu kumachitikira pafupifupi aliyense, makamaka akatopa, ndipo mwa munthu wa mtima wabwino sikoopsa. Koma mtima wothamanga mopanda dongosolo kwa mphindi zambiri kapena maola ukhoza kukhala atrial fibrillation. Apa magazi sayenda bwino m'zipinda zam'mwamba za mtima, amatha kuundana, ndipo kachibulumwa kakapita ku ubongo munthu amachita sitiroko. Kumaiko ena amati ndi matenda a okalamba. Kuno timawaonanso mwa anthu a zaka za m'ma 20 ndi 30, chifukwa cha zilonda zapakhosi za ubwana zimene sizinachizidwe ndi penicillin. Tizilombo ta streptococcus toyambitsa zilondazi timachititsa thupi kuwononga zitseko za mtima wake womwe, ndipo kuwonongekako kumaonekera patapita zaka, kawirikawiri mtsikana akatenga pakati koyamba. Mwana akadandaula pakhosi ndipo thupi latentha, musangomupatsa Panado.

Komabe ambiri mwa amene mtima umawathamanga alibe vuto mu mtimamo. Mtima umangoyankha zimene zikuchitika kwina m'thupi. Choyamba chimene ndimaganizira mwa amayi ndi kuchepa kwa magazi. Magazi akachepa, mtima umafulumira kuti ochepawo azungulire thupi lonse. Mayi amene amataya magazi ambiri akamasamba, amene ali ndi zotupa m'chiberekero, amene wabereka motsatizana, kapena amene wangodwala malungo, amatopa msanga, amamva chizungulire akaimirira, ndipo m'zikope ndi m'manja mumayera. Ndikamva kuti mayi sangadutse pamsika wa Soweto osagula dothi lodya, ndimapempha kuyeza magazi, chifukwa chilakolako cha dothi chimayenda kwambiri ndi kuchepa kwa ayironi. Muyezo wa haemoglobin ukatsika pansi pa 12 mwa mayi, 11 mwa woyembekezera, kapena 13 mwa bambo, magazi ndi ochepa. Kuyeza kwake n'kwa mphindi zochepa ndipo kumachitika m'zipatala zambiri.

Chachiwiri ndi chithokomiro chogwira ntchito mopitirira. Ichi ndiye chimanamiza anthu zedi, pakuti chimabweretsa nkhawa yeniyeni: munthu sagona, sachedwa kupsa mtima, manja amanjenjemera, amamva kutentha ngakhale mu Juni anzake atavala majuzi, amaonda koma akudya kwambiri. Achibale amayamba kunong'onezana za matenda ena. Khosi silitupa nthawi zonse. Kuyeza magazi kotchedwa TSH ndiko kumaulula.

Zina ndi zapafupi. Thupi likatentha ndi malungo kapena matenda ena, mtima umawonjezera pafupifupi ka 10 pa digiri iliyonse. Kutentha kwa mu Okutobala, munthu atayenda tsiku lonse m'tauni osamwa madzi, kapena atatsekula m'mimba, kumachita chimodzimodzi. Wodwala shuga amene wamwa mankhwala koma osadya amanjenjemera, kutuluka thukuta, mtima n'kuthamanga, ndipo ameneyo akufunika shuga m'kamwa nthawi yomweyo. Woyembekezera mtima wake umawonjezera ka 10 mpaka 20 mwachibadwa.

Ndiye pali zimene timadziika tokha m'thupi. Zakumwa zopatsa mphamvu zili pa kantemba kalikonse, ndipo madalaivala a minibasi, alonda ausiku ndi ophunzira pa nthawi ya mayeso amamwa zitini zingapo patsiku, kuwonjezera pa khofi ndi tiyi. Munthu wamkulu sayenera kupitirira mamiligalamu 400 a caffeine (chinthu chogalamutsa chimene chili m'zakumwazi) patsiku, woyembekezera 200, ndipo ena mtima umawavuta asanafike n'komwe pamenepo. Mowa wa Loweruka umathamangitsa mtima Lamlungu m'mawa, ndipo womwa tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi amanjenjemera koopsa. Fodya, chamba, ndi nsunko imene amayi ambiri amagwiritsa ntchito mobisa, zonsezi zimafulumizitsa mtima. Mankhwala ena a chimfine otsegula mphuno ndiponso salbutamol wa mphumu amateronso. Mukabwera kuchipatala tiuzeni zonse, ngakhale za zitsamba ndi zowonjezera mphamvu za abambo. Sitifunsa kuti tikuweruzeni.

Pali nthawi zina zimene simuyenera kuwerenga kapena kulemba kalikonse, koma kunyamuka. Mtima ukathamanga limodzi ndi kupweteka kapena kulemera pachifuwa, makamaka kofalikira kudzanja, kunsagwada kapena kumsana, pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Chimodzimodzi ngati mwakomoka kapena mwatsala pang'ono kugwa, ngati mpweya ukuperewera moti simungamalize chiganizo kapena kugona chagada, ngati mbali imodzi ya thupi yafooka, pakamwa papotoka kapena mawu sakumveka, ngati mukutaya magazi kapena chimbudzi chada bii. Mtima wopitirira 150 umene sukutsika patatha mphindi 15 kapena 20 muli chikhalire nawonso ndi wa kuchipatala. Musayendetse galimoto nokha. Mayi amene ali m'mwezi womaliza kapena wangobereka kumene, ngati mtima ukuthamanga, miyendo yatupa ndipo akubanika, asauzidwe kuti ndi kutopa kwa uchembere. Pali kufooka kwa mtima kumene kumabwera pa nyengo imeneyi, ndipo kumafuna chithandizo msanga.

Ena safunika kuthamanga usiku, koma asadutse sabata asanapimidwe: amene zimawachitikira mobwerezabwereza, amene zimawayamba akuthamanga kapena kusewera mpira, amene ali kale ndi BP, shuga kapena matenda a mtima, ndi amene m'banja mwawo wina anamwalira mwadzidzidzi asanafike zaka 40. Ngakhale amene zamuchitikira koyamba ndipo akukhulupirira kuti ndi nkhawa, ine ndimati apimidwe kamodzi.

Kupimako si kwa anthu olemera okha. Yambani kukiliniki yanu kapena ku zipatala za Matero, Chilenje, Kanyama, Chawama ndi Chipata. Adzakufunsani, adzamvetsera mtima, adzayeza BP, magazi, shuga ndi malungo ngati thupi latentha, ndipo pakafunika adzakutumizani ku UTH, ku Levy Mwanawasa kapena ku National Heart Hospital. ECG siipweteka ndipo siilowetsa magetsi m'thupi, imangojambula amene mtima ukupanga. Kumbukirani kuti imaona masekondi ochepa chabe, choncho ECG yabwino siitanthauza kuti nkhani yatha ngati zizindikiro zikubwerabe. Pamenepo pali kamakina kotchedwa Holter kamene mumavala kwa maola 24 kapena 48 mukugwira ntchito zanu, ndi echo, imene ndi sikani yoonetsa zitseko ndi mphamvu ya mtima. Amene ali pa NHIMA afunse zimene inshulansiyo ikulipira asanatulutse ndalama m'thumba. SVT ikapezeka, adokotala adzakuphunzitsani njira zoiimitsira, monga kukankha mpweya mutatseka pakamwa ndi mphuno kapena kumiza nkhope m'madzi ozizira. Kutikita mitsempha ya m'khosi musayese panokha.

Nanga zonse zikatuluka bwino, ndipo zizindikiro zikulozadi ku nkhawa? Apa ndi pamene odwala ambiri timawataya. Amamva ngati tanena kuti akunama, ndiye amayamba kuzungulira zipatala, kulipira ECG ina ndi ina, kapena kugula propranolol (mankhwala ochepetsa kuthamanga kwa mtima) ndi diazepam (okhazika mtima pansi) popanda kulemberedwa. Propranolol ikhoza kutseka chifuwa cha munthu wa mphumu, ndipo diazepam thupi limaizolowera m'masabata ochepa, kuisiya n'kukhala vuto lina. Nkhawa ndi matenda, ndipo ali ndi chithandizo chake. Mantha akayamba, khalani pansi, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6, ndipo pitirizani kwa mphindi zingapo. Dzanzi lija limachoka mpweya ukabwerera m'malo mwake. Uphungu wa akatswiri a maganizo umaphunzitsa munthu kusaopa kugunda kwa mtima wake, ndipo umathandiza ambiri. Ena amafunikanso mankhwala monga fluoxetine, amene amayamba kugwira patatha masabata angapo, choncho musawasiye pa tsiku lachisanu n'kumati sakuthandiza. Dzina la Chainama, chipatala cha matenda a maganizo, lisakuopseni, anthu ambiri amene amaonedwa ndi a zamaganizo amabwerera kwawo tsiku lomwelo n'kupita kuntchito mawa lake. Pemphero ndi kucheza ndi abusa kapena achibale zili ndi malo ake, ndipo sizitsutsana ndi chithandizochi.

Ngakhale mutauzidwa kuti ndi nkhawa, pitirizani kuwerenga ndi kulemba. Kathamangidwe kakasintha, mukakomoka, kapena nambala ikafika 160 mulibe chokuopsani, bwererani ndi kapepala kanu mukapemphe kuti akuoneninso.