Tabuleti yopanda mausi si laputopu, ngakhale wogulitsa alumbire

Sabata ino yokha anthu atatu afika pa shopu yanga ndi nkhani imodzimodzi, ndipo onse atatu afika atagula kale. Munthu akafunsa ndalama zili m'thumba timakambirana bwinobwino. Koma akafika tabuleti ili kale m'chikwama, lisiti palibe, foni ya wogulitsa sikupezekanso, ine ndinene chiyani? Mawu ake sasintha: "Achimwene, anandiuza kuti iyi imagwira zonse za laputopu, mungondiikiramo mapulogalamu basi." Ndakonza makompyuta zaka zoposa khumi, bodza limeneli likukana kufa.

Sindingawasenzetse mlandu wonse anyamata ogulitsa m'tauni, chifukwa nyimboyi anaiyambitsa ndi eni ake opanga zipangizozi. Mu 2014 a Microsoft ankatsatsa Surface Pro 3 kuti ndi tabuleti yolowa m'malo mwa laputopu. Iwo bola anali ndi poyambira, popeza m'kati mwake munali Windows yeniyeni ndipo chivindikiro chake cha mabatani chinali ndi trackpad, kabwalo kaja koyendetsapo chala pansi pa kiyibodi. Chaka chotsatira, mu 2015, a Apple anatulutsa iPad Pro, ndipo mkulu wawo Tim Cook ankafunsa poyera kuti munthu angagulirenji kompyuta masiku ano. Koma iPad Pro imeneyo inali ndi kiyibodi yopanda trackpad, ndipo mausi, kachipangizo koyendetsera kamuvi pa sikirini, sinkaidziwa n'komwe. Panapita zaka. Mu 2019 analola mausi mobisa, m'gawo la zothandizira anthu aulumali, ndipo mu Malichi 2020, ndi iPadOS 13.4, m'pamene anavomera mausi ndi trackpad mokwanira. Chodabwitsa n'choti Steve Jobs mwini wake, mmodzi mwa amene anayambitsa Apple, anali atanena kale mu 2010 kuti sikirini yoimirira siyenera kugwiridwagwiridwa ndi chala, dzanja limatopa. Ankadziwa.

Tayang'anani nsonga ya chala chanu. A Google amalangiza opanga mapulogalamu kuti batani lodina ndi chala likhale la mamilimita pafupifupi 9 mbali zonse. Mzere umodzi wa mu Excel, momwe umabwerera usanaukuze, kutalika kwake ndi mamilimita pafupifupi 5. Ndiye kuti chala chimodzi chikuphimba mizere iwiri nthawi imodzi, komanso chikubisa chinthu chomwecho chimene mukufuna kuona. Mukakuza sikirini kuti chala chikwane, tebulo lonse lija lasowa, mukuona timabokosi khumi tokha. Kamuvi ka mausi kamaloza kadontho kamodzi, pakati pa zilembo ziwiri, ndipo sikabisa kanthu. Amene anayesapo kusankha theka la chiganizo ndi chala, kukoka timadontho tiwiri tija tikuthawathawa, akudziwa zimene ndikunena. Kamodzi pa WhatsApp si nkhani. Lipoti la masamba 60, lokhala ndi matebulo ndi mawu a m'munsi mwa tsamba, limakufunani muchite zimenezi kambirimbiri tsiku lililonse.

Pali chinanso chimene anthu sachiganizira mpaka chitawagwera. Mausi imatha kuima pamwamba pa chinthu osachidina, ndipo mawebusayiti ambiri akale, makamaka a m'maofesi ndi ofunsira ntchito kapena malo a sukulu, anamangidwa modalira zimenezo: kamuvi kakafika pa mawu, mndandanda umatsika wokha. Chala chilibe kuima kotero. Mwagwira kapena simunagwire, basi. Ndaonapo bambo wina akumenya sikirini ngati akugogoda pachitseko cha munthu wangongole, fomu ikutsekedwa pakati pa usiku, mndandanda ukungotseguka n'kutsekeka.

Ena amati, "Ndagula kiyibodi ya Bluetooth, vuto latha." Latha theka. Mwaimika tabuleti patebulo, manja ali pa mabatani, koma mukalakwitsa chilembo mzere wachitatu pamwamba, dzanja linyamuke lipite ku sikirini, ligwire, liphonye, ligwirenso, katabuleti kagwe chagada, mukadzutse. Pakatha maola awiri phewa limayankhula lokha.

Tsono kodi tabuleti yanu imalandira mausi? Za Android zambiri zimalandira, izi zinayamba kale ndi Android 3.1 mu 2011, kudzera pa Bluetooth kapena kachingwe ka OTG kolumikizira zipangizo za USB, ngakhale zina zotsika mtengo kwambiri OTG zimaikana. Vuto lalikulu lili pa ma iPad akale, ndipo ndi amene adzaza msika wathu wa zipangizo za kaunjika, ochokera ku Joni, ku Dubai ndi ku UK. iPad 2 ndi iPad 3 zinaima pa iOS 9 (iOS ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa iPad). iPad 4 inaima pa iOS 10. iPad Air yoyamba, iPad mini 2 ndi mini 3 zinaima pa iOS 12. Zonsezi sizidzafika pa 13, pamene mausi inayambira, ndipo palibe mausi imene mungalumikize ikagwire ntchito monga mukuyembekezera. Kunja zimawala bwino, chizindikiro cha apozi chili pomwepo, wogulitsa wazipukuta ndi kansalu. Musanapereke ndalama tsegulani Settings, General, About, muone nambala ya iOS. Sizitenga mphindi imodzi.

Ndipo ngakhale mausi ilole, musathamangire kuimba nthungululu. Mausi imakonza za dzanja, sisintha mapulogalamu. Excel ya pa tabuleti siyendetsa ma macro, timalamulo tochita tokha ntchito zobwerezabwereza. Word ya pa tabuleti ilibe mail merge, ija alembi a m'masukulu amatulutsira makalata mazana kuchokera pa mndandanda umodzi. SPSS ndi Stata, zimene ophunzira athu a m'mayunivesite amauzidwa kuti asanthulire kafukufuku, sizilowa pa iPad kapena pa Android. Mapulogalamu a akawunti a Windows amene ali m'maofesi ambiri, chimodzimodzi. Ma Samsung ena apamwamba ali ndi DeX, imene imaonetsa mawindo ngati kompyuta, ndipo ndimaikonda ndithu, koma pansi pake ndi Android yomweyo.

Pali mtsikana wina amene nkhani yake imandibwererabe. Anali chaka chomaliza ku yunivesite. Amalume ake ogwira ntchito ku Johannesburg anamutumizira iPad Air yoyamba ija, imene abwana awo anawapatsa atagula yatsopano, ndipo kumudzi anthu anasangalala kuti mwana wapeza kompyuta. Iye anapirira nayo modabwitsa. Anagula kiyibodi, analemba mitu inayi ya kafukufuku wake, ndipo mayankho a mapepala oposa 100 anawalowetsa m'tebulo ndi chala, bokosi limodzilimodzi, usiku magetsi atazima, batire la iPad likumusunga. Atafika posanthula manambala, aphunzitsi anati agwiritse ntchito SPSS. Kunali kutatsala milungu itatu.

Mnzake anamulozera kwa mnyamata wina wa kabenchi kokonzera mafoni, amene anamuuza molimba mtima kuti amuikiramo Windows, mawa adzatenge. Windows siilowa mu iPad, ndipo aliyense wokuuzani zina akufuna ndalama zanu. Mnyamatayo analandira ndalama, analumikiza iPad ku kompyuta yake, n'kuifufuta yonse. Itayaka inafunsa pasiwedi ya mwini wake woyamba, abwana aja a ku Johannesburg, chifukwa nthawi yonseyi inali ikadali pa akaunti yawo. Amalumewo anali atasiya ntchito kumeneko chaka chathacho, ndipo sanasiyane bwino.

Anafika kwa ine madzulo, atagwira iPad ndi manja awiri ngati mbale ya ndiwo yotentha. "Achimwene, akuti inu mumatha kubweza zinthu zofufutika." Ndinamupatsa mpando kaye. Ndinati, "Achemwali, pa laputopu bwenzi ndikuchotsa diski n'kuyesa. Umu zonse zimasungidwa motsekedwa ndi kiyi wa m'kati, ndipo pofufuta kiyiyo amawonongedwa. Palibe chobweza." Mitu iwiri yoyamba tinaipeza mu imelo imene anatumizira aphunzitsi ake. Iwiri inayo, ndi tebulo lonse lija, zinapita. Mwayi wake mapepala a mafunso anali akadali m'katoni ku hositelo. Ndinamubwereka laputopu yakale ya pa shopu, analowetsanso zonse m'masiku anayi, ntchito imene ndi chala inamutengera mwezi. Koma nthawi sinakwane. Anamaliza ndi gulu la chaka chotsatira.

Chimene chimandiluma n'chakuti mtsikanayu anabwerapo pa shopu miyezi isanu m'mbuyomo kudzagula chingwe chotchajira. Ndinaiona iPad ija, ndinaidziwa mtundu wake, ndinamumva akunena kuti akulemberapo kafukufuku. Ndinamugulitsa chingwe, ndinamupatsa chenji, n'kutembenukira kwa kasitomala wina. Kuyambira pamenepo ndimafunsa aliyense, mpaka ena amaona ngati ndine wamiseche.

Anyamata a mabenchiwa si onse oipa, ena ndi amisiri enieni ndipo ndimawatumizira ntchito za sikirini ndi mabatire. Koma mukamva mawu akuti "tiifulasha" pa chipangizo chimene muli ntchito yanu, chilandeni m'manja mwake kaye, mukakopere mafayilo anu kwina. Kufulasha ndi kufufuta. Mukamva kuti "iCloud timatsegula", kutanthauza loko uja wa akaunti ya mwini wake woyamba, dziwani kuti nthawi zambiri ndi kuzembetsa kwa kanthawi chabe, lokoyo amabwerera mukangoifufutanso, ndipo mwina mukugula katundu wobedwa. iPad ya kaunjika muigule pokhapokha wogulitsa ataifufuta pamaso panu, n'kuyaka mpaka kufika polowetsa akaunti yanuyanu. Palinso matabuleti opanda dzina lodziwika, olembedwa pakatoni manambala akuluakulu a malo osungira zinthu, pomwe m'kati anawasintha kuti azinama. Mumazindikira tsiku limene mafayilo ayamba kuwonongeka chipangizo chikunenabe kuti malo alipo ambiri. Ndipo musamadikire kuti tsiku lopereka ntchito liyandikire m'pamene muziyesa ngati chipangizo chikwanitsa. Anthu ambiri amene ndalephera kuwathandiza sanabwere ndi vuto lalikulu, anabwera mochedwa.

Musandimve ngati ndimadana ndi tabuleti, ndili nayo ndipo ndimawerengerapo usiku uliwonse. Kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018 kuno ku Malawi anachitika ndi matabuleti, ndipo anthu a kafukufuku m'midzi amayenda nazo ndi mapulogalamu a mafomu a ODK kapena KoboToolbox popanda kusowa mausi, chifukwa mafomu amenewo anapangidwira chala: funso limodzi, mabatani akuluakulu, dinani mupitirire. Kuwerenga mabuku, misonkhano ya pa Zoom, kuonetsa makasitomala zithunzi za katundu, zonsezi imachita bwino, batire n'kukhala tsiku lonse.

Mwa anthu atatu a sabata ino, mmodzi ndi mayi wogulitsa zitenje amene amangofuna zithunzi, WhatsApp ndi kulemba amene ali ndi ngongole. Ndinawauza kuti asunge tabuleti yawo, agula bwino. Wachiwiri ndi mphunzitsi wofuna kulemba mayeso ndi kuwerengetsa malikisi, yake ndi ya Android, tinalumikiza mausi ndi kiyibodi ndipo ayenda nayo, monyinyirika. Wachitatu ndi mnyamata amene wangoyamba maphunziro a akawunti, wagula iPad mini 2 ndi ndalama zimene bambo ake anagulitsa mbuzi. Ndinamufunsa ngati wogulitsayo angalole kubweza. Anati ayesa kumusaka Loweruka. Ndamuuza kuti akalephera abwere nayo tiiike pagalasi apa, mwina wina wofuna yoti ana azionerapo makatuni aigula, tionjezere pa laputopu yakale ya ThinkPad imene ndamusungira pansi pa kauntala mpaka kutha kwa mwezi.