"Dziko la mdima" ndi makoma a ku Great Zimbabwe

Mu 1878 Henry Morton Stanley adatulutsa buku la maulendo ake lotchedwa Through the Dark Continent, ndipo dzina loti Africa ndi dziko la mdima lidafala ku Ulaya ngati moto wolusa. Ena amati mdimawo unkangonena za madera amene Azungu anali asanawajambule pa mapu. Kaya. Koma dzinali linkagwiranso ntchito ina: anthu akakhala mumdima ndiye kuti alibe mbiri, ndipo wobwera kudzawalanda dziko amaoneka ngati akuwachitira chifundo. Pofika 1884, maiko a ku Ulaya anali atakhala pansi ku Berlin kukambirana za kagawidwe ka Africa.

Chidawasowetsa mtendere atsamundawo ndi miyala. Pafupi ndi mzinda wa Masvingo ku Zimbabwe pali mabwinja a Great Zimbabwe, makoma a miyala yosanjikiza popanda matope, ena otalika mamita 11. Karl Mauch wa ku Germany atafikako mu 1871 adasema kachidutswa ka mtengo wa pakhomo, n'kuona kuti fungo lake likufanana ndi la pensulo yake. Basi, adagamula kuti ndi mkungudza wa ku Lebanon ndipo malowo akukhudzana ndi mfumukazi ya ku Sheba. Umboni wake unali mphuno!

Zikadathera pa nthabwala, koma kampani ya mtsamunda wa ku Britain Cecil Rhodes italowa ku Mashonaland, dera la Ashona, mu 1890 nkhaniyi idaikomera kwambiri. Ngati akale adamanga mzindawo anali alendo oyera khungu, ndiye kuti atsamunda akungobwerera. Theodore Bent adakumba mu 1891 n'kuloza chala kwa Afoinike kapena Aluya. Woononga kwambiri anali Richard Hall, amene adapatsidwa malowa kuti aziwayang'anira mu 1902. Iye adafukula n'kutaya dothi lochuluka lodzaza mapale ndi zina zosiyidwa ndi eni dziko, poyesa kuti ndi zinyalala zobisa chuma cha alendo aja. Zimene zidatayika pamenepo zidapita.

David Randall-MacIver mu 1905, kenako Gertrude Caton-Thompson mu 1929, adakumba mosamala, gawo ndi gawo la dothi, ndipo onse adapeza chimodzimodzi: omanga anali Aafrika. Anali makolo a Ashona, amene mzinda wawo udakula pakati pa 1100 ndi 1450, akugulitsa golide kwa amalonda a kugombe. Mbale za ku China ndi Persia zopezeka kumeneko zidabwera ndi malondawo.

Boma la Azungu la Ian Smith ku Rhodesia (Zimbabwe wa lero) lidakakamirabe, osafuna kuti timabuku ta anthu odzaona malo tizinena zimenezi poyera. Peter Garlake, katswiri wa boma lomwelo woyang'anira mabwinja, adakana kusintha mawu ndipo adachoka m'dzikomo mu 1970. Ufulu utabwera mu 1980 dzikolo lidatenga dzina la mabwinjawo, mbalame yosema yopezeka kumeneko n'kukwera pa mbendera. Mwa mbalame zisanu ndi zitatu zodziwika, imodzi idakhala zaka zambiri ku Groote Schuur, nyumba yakale ya Rhodes ku Cape Town.